Mfuti ya Misomali Yoyendera Gasi: Funsani Musanagule

Tauni ya Kafue, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, inakula cifukwa ca mafakitale. Kampani ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia zinakoka anthu ocokera m'zigawo zonse za dziko lino, ndipo nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwa kuti anchitowo apeze pogona. Nchito za m'mafakitale zitayamba kucepa m'zaka za m'ma 1990, mabanja ambiri anatembenukira ku nchito za manja. Lero ana ndi adzukulu a anchito aja ndiwo amisiri amene akukhoma madenga ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi m'malo atsopano kumene anthu akumanga nyumba zao.

Pakati pa zida zimene amisiri acinyamata amazisirira masiku ano pali mfuti yokhomera misomali yoyendera gasi. Amaiona pa mafoni ao, mmisiri wa kunja akulowetsa msomali uliwonse m'kuphethira kwa diso, ndipo mtima sukhalanso m'malo. Cilala ca 2024 cinaonjezera cikhumboco: madzi atacepa m'damu la Kariba, panali nthawi imene anthu ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi, ndipo cida ciliconse cosadalira nthambo cinaoneka ngati cipulumutso. Mnyamata angathe kukopeka kuika ndalama zonse za cilimba pa mfuti imeneyi, kapena kupempha mbale wa ku Johannesburg kapena ku London kuti amtumizire yogwiritsidwa kale nchito. Koma owerenga okondedwa, moyo wa mfutiyi uli m'kacitini kakang'ono ka gasi. Kacitini koyenera kakasowa, cuma ca banja cimasanduka citsulo congogona pansi pa bedi.

Mmene imagwirira nchito

Kampani ya Paslode ya ku America ndiyo inayamba kugulitsa mfuti zotere mu 1986, ndipo pambuyo pake makampani ena monga Makita ndi Hitachi, imene zida zake tsopano zimadziwika ndi dzina la HiKOKI, anapanga zao. M'kati mwake muli kainjini kakang'ono kofanana ndi ka njinga yamoto. Mmisiri akakanikiza mphuno ya mfuti pa thabwa, kacitini kamatulutsa mlingo wocepa wa gasi kulowa m'kacipinda, ndipo kafani kamasakaniza gasiyo ndi mpweya. Akakoka koombera, batire imapereka moto ku pulagi, gasi amaphulika nakankha pisitoni imene imamenya msomali. Nchito ya batire ndi kuzungulitsa fani ndi kuyatsa moto basi. Mphamvu yokhomera imacokera ku gasi. Kacitini kamodzi kamakhoma misomali pafupifupi 1,100. Ndico cifukwa cake ku Ulaya misomali imagulitsidwa pamodzi ndi gasi wake, ndipo bokosi la misomali 2,200 limabwera ndi tizitini tiwiri.

Mfuti iliyonse ndi kacitini kake

Ambiri amaganiza kuti gasi ndi gasi basi, koma sizili conco. Pali zinthu zitatu zoyenera kugwirizana: kutalika ndi kunenepa kwa kacitini, kapangidwe ka kamutu kake kamene kamalumikizana ndi mfuti, ndi mlingo wa gasi umene kamutuko kamatulutsa nthawi iliyonse. Mfuti zokhomera mapaso a denga zimafuna tizitini tokulirapo, pamene zokhomera timisomali ta mafelemu ndi makabati zimafuna tating'ono. Ngakhale mfuti za kampani imodzi sizibwerekana nthawi zonse: kacitini ka Paslode IM350 si ka IM360, ndipo mfuti zogulitsidwa ku America zili ndi maina ndi tizitini tosiyana ndi za ku Ulaya.

Munthu akakakamiza kacitini kosayenera, gasi amadontha, kapena amalowa mopitirira mlingo nasiya mwaye m'kati, kapena amacepa kotero kuti msomali umaima pakati pa njira. Alipo makampani ena amene amapanga tizitini tolowa m'malo mwa teniteni pa mtengo wotsika. Musagule poona mtundu wa penti yake. Werengani ngati dzina ndi nambala ya mfuti yanu zalembedwa pa kacitinipo. Popita kusitolo nyamulani kacitini kakale kuti muyerekeze. Akulu anati safunsa anadya phula.

Misomali nayonso ili ndi lamulo lake. Imabwera yomatidwa m'mizere yopendekeka, ina ya madigiri 34 yomatidwa ndi pepala, ina ya madigiri 21 yomatidwa ndi pulasitiki, ndipo mfuti ya mtundu umodzi silandira ya mtundu wina. Misomali ya pa kilo imene timagula kumsika silowa m'mfuti konse.

Kacitini sikadzazidwanso

Kacitini kameneka kali ndi zipinda ziwiri. M'kathumba ka m'kati muli gasi woyaka wosakaniza ndi mafuta pang'ono ofewetsa pisitoni. Kunja kwa kathumbako kuli mpweya wina wopanikiza umene umafinya gasiyo kuti atuluke, ngakhale mfuti itazondoka. Motero sikangadzazidwe kucokera mu silinda ya gasi wophikira, ndipo woyesa kutero akuika maso ndi nkhope yake pa ngozi. Ngakhale gasi atatha, mpweya wopanikiza uja umatsala. Kacitini kotha sikayenera kuboolewa, kuponyedwa m'dzenje lootchera zinyalala, kapena kupatsidwa ana kuti apangire magalimoto oseweretsa. Dziwaninso kuti malamulo a ndege saloleza gasi woyaka m'katundu wa apaulendo, conco mbale amene wakutumizirani mfuti sangakubweretsereni gasi wake m'sutukesi.

Pa kacitini kalikonse pamalembedwa tsiku lothera mphamvu, pafupifupi zaka ziwiri cipangidwire, cifukwa mpweya wopanikiza umacepa pang'onopang'ono. Kacitini kakale kangamveke kolemera m'manja koma n'kulephera kuomba. Kumene zinthu izi siziyenda malonda msanga, n'zotheka kupeza tizitini tokhalitsa pa shelefu, ndiye yang'anani tsiku musanapereke ndalama. Opanga amacenjeza kuti tisasungidwe pamalo potentha kuposa madigiri 50. Aliyense amene anakwerapo pa malata kapena kulowa m'galimoto yotseka m'mwezi wa October kuno ku cigwa ca Kafue akudziwa kuti kutentha kumeneko sikuli patali. M'mawa wozizira wa June ndi July gasi angacite ulesi; mufunditseni m'thumba la jekete, osati pa mbaula.

Kusamala mfuti

Mdani wamkulu wa kainjini aka ndi fumbi, ndipo kuyambira August mpaka mvula itagwa fumbi ndilo cakudya cathu. Musanakonze ciliconse, cotsani batire, kacitini ndi misomali. Kasefa ka mpweya kamene kali kumbuyo kwa mfuti kazitsukidwa kawirikawiri ndi madzi a sopo, n'kuumitsidwa bwino kasanabwezedwe. M'kacipinda kophulikira mumaunjikana mwaye. Kuucotsa kumafuna mankhwala ndi mafuta amene opanga analamula. Petulo, oilo wa galimoto ndi mafuta ophikira zimaononga timphira totseka mpweya kapena kumata fumbi, ndipo timphirato tikatha mphamvu ya mfuti imathera pomwepo. Nchito ikatha, tulutsani kacitini ndi batire, muike zonse m'bokosi lake pamthunzi. Ngati mfuti yacokera ku America, werengani zolembedwa pa chaja: kumeneko magetsi ndi a mavoti 120, pamene athu ndi a 230.

Zimene mfuti singacite

Komiti ya zomanga ya parishi kapena bambo amene akufolera nyumba ya banja ayenera kudziwa malire a cidaci. Mfutiyi inapangidwira matabwa ofewa monga a paini amene amacokera ku nkhalango za ZAFFICO ku Copperbelt. Pa mtengo wolimba monga mubanga, msomali umapindika kapena kutsala kunja. Misomali yake imayambira pa mamilimita 50 kulekeza pa 90, ndipo ndi yoonda kuposa ya mainchesi 4, ya mamilimita 100, imene amisiri athu anazolowera pa mapaso. Pamene mmisiri ankakhoma misomali iwiri ikuluikulu, sangangoomba iwiri ya mfuti n'kunena kuti zafanana. Malata amafuna misomali yake ya zisoti kapena masikuluu, ndipo mapaso ayenera kumangiriridwa ku khoma ndi waya kapena lamba wacitsulo. Mphepo ya mvula zoyamba imene imasasula madenga a masukulu ndi machalichi siyang'ana kuti nchito inatha msanga bwanji.

Thupi ndi mphatso ya Mulungu

Dzina lakuti mfuti silinaperekedwe mwa nthabwala. Mabungwe a boma la America oona za citetezo ca anchito, OSHA ndi NIOSH, analengeza mu 2011 kuti anthu pafupifupi 37,000 amathamangira kucipatala caka ciliconse m'dzikolo atavulala ndi mfuti za misomali. Msomali ungathe kuboola thabwa n'kutulukira mbali ina, kapena kugunda mfundo n'kukhota. Dzanja logwira thabwa likhale masentimita 30 kutali ndi pokhomera. Valani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu, ndipo musalozetse mfuti kwa mnzanu ngakhale mocezera. Utsi wake uli ndi mpweya woipa wosanunkha, wofanana ndi wa mbaula ya makala, ndiye musaigwiritse nchito m'cipinda cotseka. Msomali ukalowa kwambiri m'thupi musauzule nokha. Pitani kucipatala, ndipo mufunse za jekeseni ya kafumbata.

Khalani pansi muwerengere

Mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 14, Ambuye amatikumbutsa za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wawerengera ngati ali nazo zokwanira kuti aitsirize. Inu makolo ndi akulu a m'miphakati, mnyamata akabwera kudzapempha thandizo la kugula mfuti, mufunseni mofatsa: Kodi gasi wa mfuti imeneyi amapezeka m'sitolo iti, ndipo wamuona ndi maso ako? Kodi misomali yake ilipo? Ikaonongeka, adzaikonza ndani? Kodi pa caka umakhoma madenga angati? Walira mvula walira matope: wogula mfuti walonjezanso kugula gasi masiku onse a mfutiyo. Mmisiri wa madenga atatu kapena anai pa caka angaone tizitini take tikutha mphamvu asanatigwiritse nchito, ndipo kwa iye nyundo yabwino ndi sowo lakuthwa n'zokwanira. Amisiri a nchito zambiri angasonkherane n'kugula imodzi, kapena kuganizira mfuti zatsopano zoyendera batire yokha, zimene sizifuna gasi.

Mu 1955 Papa Pio XII anakhazikitsa cikondwerero ca Yosefe Woyera Mmisiri pa 1 May, ndipo mu 1981 Papa Yohane Paulo II analemba kalata yonena za nchito, mmene anaphunzitsa kuti munthu wogwira nchito ndi wofunika kuposa zida ndi cuma. Eklezia sadana ndi makina. Amangofuna kuti makina atumikire banja m'malo moliika m'ngongole kapena kulilanda maso a bambo. Yosefe Woyera apempherere amisiri athu onse, kuti madenga amene akukhoma akhale olimba, ndi kuti madzulo aliwonse azibwerera kwao ali amphumphu.