“Anandiwonjezera njira”: zikutanthauza chiyani kwenikweni?

Kuno ku Mwaya mtsikana akachira, tonse timathamangira kuona mwana. Za bala lomwe mayiyo wabwera nalo, zii! Tiyeni tikambe.

Kuwonjezera njira, kapena kuti episiotomy, ndi pomwe azamba amacheka pang'ono pakati pa njira ya mwana ndi kotulukira chimbudzi kuti khanda lituluke msanga, monga likayamba kubanika kapena akafuna kulikoka ndi chipangizo. Sikuti aliyense wa mimba yoyamba achekedwe ayi. Mu 2018 bungwe la WHO linanena kuti kuchekaku kusakhale chizolowezi. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake komanso kupempha jakisoni wochititsa dzanzi.

Ulusi umasungunuka wokha, ndipo bala limapola pakatha pafupifupi mwezi. M'chikutamo, tsukani ndi madzi oyera, umitsani, sinthani padi pafupipafupi, imwani madzi ambiri kupewa kudzimbidwa. Zitsamba pabala ayi. Zosamba m'nyanja zidikire kaye. Abambo, nanunso dekhani mpaka apole.

Mukaona mafinya, fungo loipa, kutentha thupi kapena bala litatseguka, musadikire sikelo ya masabata 6. Pitani kuchipatala, ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay, tsiku lomwelo. Manyazi sapoletsa bala.