Kuchepetsa thupi: nsima ichepe, ndiwo zisachepe

TETE — M'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, munthu wonenepa amaonedwa ngati wopeza bwino. Koma matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afika ndi m'midzi momwe, ndipo ena akapita kuchipatala amauzidwa kuti achepetse thupi. Ena mwa iwo akamva zimenezi amangoyamba kudzimana chakudya: tiyi m'mawa, kanthongo ka nsima madzulo, za ndiwo osaziganizira.

Kudzimana kotereku kuli ndi ngozi yake. Chakudya chikachepa, thupi limayamba kudya mafuta amene linasunga, koma ngati zakudya zomanga thupi zikusowa limadyanso minofu. Sikelo imaonetsa kuti makilo atsika, pamene mphamvu zogwirira khasu ndi kupalasa njinga zatsika nawo. Kwa mlimi kumeneku ndi kutaya chuma.

Zomanga thupi, zimene akuchipatala amazitcha mapuloteni, zimateteza minofu ndipo zimachedwetsa njala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, limawerengera magalamu 0,83 pa kilo iliyonse ya thupi tsiku lililonse. Munthu wa makilo 70 amafunika magalamu pafupifupi 58. Akatswiri a zakudya ambiri amalangiza kuti wochepetsa thupi akweze mpaka magalamu 1,2 kapena 1,6 pa kilo, kutanthauza magalamu 84 mpaka 112.

Zonsezi zimapezeka kumunda ndi pamsika. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Nyemba zouma zolemera magalamu 100 zili ndi 21, ndipo soya wolemera chimodzimodzi ali ndi 36, koma ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa mokwanira. Mu nsomba zouma, monga usipa wa ku nyanja ya Niassa ndi kapenta wa ku Cahora Bassa, mapuloteni amaposa theka la kulemera kwake. Mazira 2, nyemba magalamu 100, usipa magalamu 50 ndi nsima ya mgaiwa wolemera magalamu 300 zimakwana magalamu pafupifupi 85 pa tsiku.

Mtedza uli ndi magalamu 25 pa 100, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, choncho nsinjiro za m'ndiwo zikwanira, osati kumangobubuda tsiku lonse. Mapuloteni a m'chimanga ndi operewera, koma nsima ikadyedwa ndi nyemba kapena khobwe ziwirizi zimathandizana. Zoyenera kuchepa ndi nthongo za nsima, shuga wa m'tiyi, mbatata yokazinga, zakumwa zotsekemera ndi mowa. Masamba monga mpiru, nkhwani ndi chisoso achuluke m'mbale.

M'masitolo ena a m'tauni mumagulitsidwa ufa wa mapuloteni wa m'zitini, wopangidwa kuchokera ku mkaka kapena soya. Muyeso umodzi umakhala ndi magalamu 20 mpaka 25, ofanana ndi mazira 4. Ufawu susungunula mafuta. Ndi chakudya chabe, ndipo amene ali ndi nkhuku ndi nyemba alibe chifukwa chogulitsira mbuzi kuti augule. Mapiritsi ndi tiyi "wochepetsa mimba" wa m'misika nthawi zambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo chotayika ndi madzi.

Odwala impso asachulukitse mapuloteni asanafunse dokotala. Odwala kuthamanga kwa magazi aviike nsomba ya mchere asanaphike, popeza mchere suyenera kufika magalamu 5 pa tsiku. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asamanidwe chakudya.

Kutsika theka la kilo pa sabata ndi kokwanira. Koma munthu amene akuonda popanda kufuna, makamaka ngati akutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kumva ludzu losatha, apite msanga kuchipatala kukayezetsa chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga.