Momwe oyendetsa ndege za mapulopela awiri amaphunzirira ntchito yawo ali pansi

Akuluakulu a boma ambiri omwe amayenda pa ntchito pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kapena kupita m'maiko oyandikana nafe, adakwerapo ndege ya injini ziwiri zozunguza mapulopela. Kampani yakale ya Air Malawi idali ndi ndege ya mtundu wa ATR 42, ndipo kampani yomwe idalowa m'malo mwake, yomwe boma lidakhazikitsa mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, idayamba maulendo mu 2014 ili ndi ndege ya Q400. Nayo ndege ya asilikali ya Dornier 228 yomwe idagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, pomwe dziko lino lidataya Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, idali ya injini ziwiri za mtundu womwewu.

Ndege zoterezi zimakondedwa pa maulendo afupiafupi kaamba koti sizitha mafuta ambiri komanso zimatera pa mabwalo aang'ono. Chomwe apaulendo ambiri sadziwa n'chakuti zovuta zazikulu za ntchito yake, monga kuzima kwa injini, moto kapena kutha kwa magetsi, woyendetsa ndege saziphunzirira mumlengalenga. Amaziphunzirira pansi, m'makina oyeserera kuuluka omwe akatswiri amawatchula kuti simulator.

Makinawa ndi otani

Ganizo lophunzitsira oyendetsa ndege pansi ndi lakale. Mu 1929, Edwin Link wa ku Binghamton m'dziko la America adapanga kabokosi koyenda ndi mphepo komwe munthu ankakhalamo n'kumaphunzira kuwongolera ndege poyang'ana zida zokha. Makinawa adagwira ntchito yaikulu pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse.

Makina a masiku ano ndi chipinda chofanana kwathunthu ndi cha oyendetsa ndege, batani lililonse lili pa malo ake enieni. Chipindacho chimakhala pa miyendo isanu ndi umodzi yomwe imachikweza, kuchitsitsa ndi kuchipendeketsa, ndipo pa mawindo pamaoneka chithunzi cha bwalo la ndege, mapiri, mitambo ndi mvula. Makinawa amaikidwa m'magulu anayi, kuyambira A kufikira D, ndipo a gulu la D ndiwo apamwamba kwambiri. Kumbuyo kwa oyendetsa ndege awiri kumakhala mphunzitsi, yemwe ali ndi mphamvu yozimitsa injini, kubweretsa chifunga kapena kuwononga chida chilichonse pa nthawi yomwe iye wafuna, osachenjeza.

M'maiko ambiri, malamulo amafuna kuti woyendetsa ndege zonyamula anthu aziyesedwa luso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ngakhale atagwira ntchitoyo zaka makumi awiri, ndipo mayesowa kawirikawiri amachitikira m'makinawa. Phunziro limodzi limatenga pafupifupi maola anayi.

Kudzutsa ndege

Pofuna kumvetsa zomwe zimachitika m'chipindamo, titenge chitsanzo cha ndege za ATR 42 ndi ATR 72, zomwe zimapangidwa ku Toulouse m'dziko la France ndipo zimayendera injini za kampani ya Pratt & Whitney Canada.

Phunziro limayamba ndege ili yozimiratu. Oyendetsa amayatsa mabatire, kenako amatsata mabatani a kudenga mwa ndondomeko yake, kuyambira a mafuta, magetsi, mpweya kufikira zida zodziwitsa za moto. Mmodzi amawerenga mndandanda wa zoyenera kuchita, mnzake n'kumayankha atayang'ana ndi maso kuti chinthucho chilidi momwe chikufunikira.

Ndege za ATR zilibe kainjini kapadera kopereka magetsi ndege ikakhala pansi monga zilili ndege zikuluzikulu. M'malo mwake, oyendetsa amaliza injini ya kumanja koma pulopela yake atayimanga ndi buleki kuti isazungulire. Motero injiniyo imapereka magetsi ndi mpweya wozizira apaulendo akamakwera. Poliza injini, maso amakhala pa chida chosonyeza kutentha kwa m'kati mwake. Kutenthako kukamakwera mopitirira muyeso, woyendetsa amayenera kutseka mafuta msangamsanga, apo ayi injini ya ndalama zambiri imapsa. Ili ndi limodzi mwa mavuto omwe mphunzitsi amabweretsa dala.

Phunziro lina lofunika n'lakuti zida za ndegeyi zimadalirana. Gawo lina la magetsi limachokera ku majenereta omwe amagwira ntchito pokhapokha pulopela ikamazungulira mokwanira, ndipo magetsi amenewo ndiwo amayendetsa mapampu akuluakulu omwe amatsitsa matayala, kugwira mabuleki ndi kutambasula tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko totchedwa ma flap. Choncho pulopela ikaima, woyendetsa amayenera kudziwa zina zomwe zakhudzidwa, ndi kuona ngati jenereta ya mbali inayo yasenzadi ntchito yonse.

Zogwirira zoyandikana

Pakati pa mipando iwiri ya oyendetsa pali zogwirira zomwe zimalamulira injini. Injini iliyonse ili ndi ziwiri. Choyamba ndi cha mphamvu, chomwe chimaonjezera kapena kuchepetsa kukoka kwa injini. Chachiwiri chimatsegula ndi kutseka mafuta komanso chimalamulira pulopela. Pafupi pomwepo, chakumanja, pali chogwirira cha ma flap.

Pulopela ya ndegezi siili ngati fani ya mu ofesi yomwe imangothamanga kwambiri ukaionjezera mphamvu. Liwiro lake limakhala lokhazikika, ndipo pa ATR silipitirira maulendo 1,200 pa mphindi. Woyendetsa akaonjezera mphamvu, timapiko ta pulopela timapendekeka kuti tizikokolola mphepo yochuluka. Timapikoti tingathenso kutembenuzidwa kotheratu kuti tiziyang'ana kutsogolo cham'mphepete, ngati mpeni wodula mphepo. Zikatero pulopela sikoka ndege, komanso siibweza m'mbuyo. Kaimidwe kameneka kamatchedwa feather, ndipo ntchito yake ndi kupulumutsa ndege injini imodzi ikafa.

Kuopsa kosokoneza zogwirirazi kudaoneka ku Nepal pa 15 Januwale 2023. Ndege ya ATR 72 ya kampani ya Yeti Airlines, yochokera ku Kathmandu, ikuyandikira bwalo la Pokhara. Malingana ndi lipoti la ofufuza, pa nthawi yomwe ma flap amayenera kutambasulidwa, zogwirira za mapulopela onse awiri zidakokedwa mwangozi n'kufika pa feather. Injini zidapitiriza kulira koma ndege idasowa choikoka, liwiro lidatsika, ndipo idagwa. Anthu onse 72 omwe adali m'ndegemo adamwalira.

Injini imodzi ikazima

Ndege ya injini ziwiri idapangidwa kuti izitha kunyamuka, kukwera ndi kutera ndi injini imodzi. N'chifukwa chake phunziro lomwe limabwerezedwa kwambiri mu simulator ndi la injini kuzima ndege ili pa liwiro lonyamukira, pomwe msewu wotsala ndi wosakwanira kuimika ndegeyo.

Zikachitika, ndege imakhotera mbali ya injini yakufayo, chifukwa yamoyo ikukoka mbali imodzi yokha. Woyendetsa amaponda ndi phazi chiwongolero cha kumchira kuti ndege ilunjike, ndipo amasunga liwiro loyenera. Pa ATR pali chida chomwe chimathandiza pa nthawi yonyamuka. Chikazindikira kuti injini ina yataya mphamvu, chimaika chokha pulopela yake pa feather ndi kuonjezera mphamvu ya injini yotsalayo.

Zotsalazo ndi za anthu, ndipo zili ndi dongosolo lake losasinthika. Choyamba ndi kuwongolera ndege. Chachiwiri ndi kuzindikira, poyang'ana zida, kuti injini yovutayo ndi iti. Chachitatu ndi kutsimikizira. Mmodzi amaika dzanja pa chogwirira n'kuchitchula mokweza, mnzake amayang'ana n'kuvomereza, ndipo pokhapo chogwiriracho chimasunthidwa. Ngati palibe vuto lina, ntchito yozimitsa injini imadikira kufikira ndege itakwera potalika bwino. Apa mpomwe mwambi wakuti kuthamanga sikufika umakhala lamulo la ntchito.

Zomwe zidachitika ku Taipei

Pa 4 Febuluwale 2015, ndege ya ATR 72-600 ya kampani ya TransAsia Airways idanyamuka pa bwalo la Songshan mu mzinda wa Taipei ku Taiwan, ili ndi anthu 58. Isadathe mphindi imodzi mumlengalenga, pulopela ya injini ya kumanja idalowa yokha pa feather kaamba ka kudukiza kwa uthenga wa magetsi pa chida chija. Ndege ikadatha kupitiriza ndi injini ya kumanzere. Koma woyendetsa adachepetsa mphamvu ya injini ya kumanzereyo, yomwe idali yabwinobwino, kenako adayizimitsa. Pomwe cholakwacho chinkazindikirika, ndege idali itatsika kwambiri moti nthawi yolizanso injini idali itatha. Phiko lidagunda galimoto ya hayala ndi m'mbali mwa msewu wa m'mwamba, ndipo ndegeyo idagwera mu mtsinje wa Keelung. Anthu 43 adamwalira.

Ofufuza adapeza kuti oyendetsawo sadatsate ndondomeko yozindikira ndi kutsimikizira injini yovuta. Adapezanso kuti mu Meyi 2014 woyendetsa wamkuluyo adalephera mayeso a mu simulator, mwa zina kaamba kosadziwa mokwanira zoyenera kuchita injini ikazima ponyamuka, ngakhale kuti adadzakhoza atayesedwanso. Apa n'zoonekeratu kuti makinawa adali ataulula kale pomwe padali kufooka. Chomwe chidaperewera ndi kulondoloza bwino zomwe zidapezekazo.

Nyengo ndi malo

Ndege za mapulopela monga ATR zimauluka chapakatikati, osapitirira mafiti pafupifupi 25,000, ndipo kumeneku n'komwe madzi a m'mitambo amaundana pa mapiko. Madzi oundanawo amasintha kaumbidwe ka phiko moti limalephera kunyamula ndege ngakhale liwiro likuoneka lokwanira. Pofuna kuthana ndi vutoli, kutsogolo kwa mapiko kuli malamba a labala omwe amafufuma ndi mpweya n'kuswa madzi oundanawo, pomwe mapulopela ndi mawindo amatenthedwa ndi magetsi. Mu simulator, oyendetsa amaphunzira nthawi yoyatsira zidazi, kuonjezera liwiro, ndi kuchoka msanga m'mitambo yoopsa. Malamulo pa nkhaniyi adakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi ya ATR 72 ku Roselawn m'chigawo cha Indiana ku America pa 31 Okutobala 1994, pomwe anthu 68 adamwalira.

Kutentha ndi kukwera kwa malo nakonso kumaphunziridwa. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere. Pa malo otere, makamaka masana a mwezi wa Okutobala, mpweya umapepuka, ndipo ndege imafuna msewu wautaliko komanso imakwera pang'onopang'ono. Mphunzitsi angathe kuika kutentha ndi kulemera koteroko m'makinawo, kenako n'kuzimitsa injini, kuti oyendetsa aone okha chifukwa chake nthawi zina katundu amayenera kuchepetsedwa.

Za pa kompyuta ya kunyumba

Palinso mapulogalamu a pa kompyuta monga Microsoft Flight Simulator, yomwe idatuluka koyamba mu 1982, ndi X-Plane. Mu 2023 ndege za ATR 42-600 ndi ATR 72-600 zidaikidwa mu pulogalamu ya Microsoft, ndipo munthu angathe kuphunzirapo malo a mabatani ndi ndondomeko yolizira injini. Mapulogalamuwa ndi othandiza kwa achinyamata omwe ali ndi chidwi ndi ntchitoyi, koma maola a pa kompyuta ya kunyumba sawerengedwa pa chiphaso, chifukwa makina ophunzitsira amayenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa ndi oyang'anira za maulendo a pandege.

Udindo wa adindo

Kwa ogwira ntchito m'boma omwe amakonza ndondomeko za chuma, kugula zida kapena kuyang'anira mabungwe, nkhaniyi ili ndi mfundo zitatu. Yoyamba n'yakuti mtengo wa ndege siuthera pa kuigula. Mtundu uliwonse wa ndege uli ndi simulator yake, moti woyendetsa Q400 sangayesedwe pa makina a ATR, ndipo kumene makinawo kulibe, oyendetsa amayenera kutumizidwa kunja ndi ndalama zakunja, chaka ndi chaka. Ndalama zimenezi zikayamba kuonedwa ngati zongopitira ku maulendo, n'kudulidwa, chomwe chimadulidwa kwenikweni ndi chitetezo cha apaulendo.

Yachiwiri n'yakuti zotsatira za mayeso ziyenera kusungidwa ndi kulondolozedwa mosayang'ana nkhope kapena udindo wa woyesedwayo. Yachitatu ikukhudza wapaulendo aliyense, makamaka wa udindo waukulu. Woyendetsa ndege akanena kuti ulendo uchedwa kaamba ka nyengo, kapena kuti katundu wina atsale, amakhala akutsata zomwe adaziona zikulephereka kambirimbiri m'chipinda choyeserera chija. Woyendetsa wotere ngoyenera kumveredwa, osati kukakamizidwa.