Zilembo Zooneka Ngati Zakutha

Kodi munaonapo cikwangwani catsopano cimene zilembo zake n'zonenepa, koma zokandika m'mbali ndi zofufutika pakati ngati zakhala pa dzuwa zaka zambiri? Lero tikambirana za ciyambi ca zilembo zotere.

Pamene Johannes Gutenberg anayamba kusindikiza mabuku ku Mainz ca m'ma 1450, zilembo zake zinali zazing'ono, zoumbidwa ndi mtovu wosanganiza ndi zitsulo zina. Patapita zaka zoposa 300, amalonda a ku London anafuna zilembo zoti munthu awerenge ali patali. Motero ca m'ma 1803 Robert Thorne anaumba zilembo zonenepa kwambiri. Koma cilembo cacikulu ca citsulo cinali colemera ndi codula, ndipo cinali kupindika pozizira. Mu 1828 Darius Wells wa ku New York anaonetsa zilembo zosema pa mtengo, zopepuka ndi zochipa.

Mtengo umatha. Cilembo cikapanikizidwa pa pepala kambirimbiri cimabenthuka m'ngodya, cimang'aluka, ndipo inki siifika ponseponse. Osindikiza a kale anayesa zimenezi cilema. Koma m'zaka za m'ma 1990, makompyuta atabweretsa zilembo zosalala zofanana zonse, akatswiri ena anayamba kukalambitsa zilembo dala. Mu 1991 Erik van Blokland wa ku Netherlands anatulutsa zilembo zochedwa Trixie, zotengera taipi yakale yodetsedwa ndi inki. David Carson nayenso anachuka ndi masamba osokonezeka a magazini ya Ray Gun, imene inayamba mu 1992.

Nanga ubwino wake n'ciani? Diso limaima pa cinthu cosiyana ndi zinzake. Cilembo cokandika cimakumbutsa dzanja la munthu, ndipo cimaoneka ngati cikufuula. N'cifukwa cake cimayenera pa mutu wa cikwangwani ca mpira, ca nyimbo kapena ca sewero, pamene mau ali atatu kapena anayi okha. Koma pa botolo la mankhwala, pa cizindikiro ca pamseu ndi m'buku la Giredi 1 n'coopsa. Cilembo e cikafufutika pakati cimasanduka c, ndipo nambala 8 ingathe kuoneka ngati 3. Mwana amene akuphunzira kuwerenga afunika zilembo zathunthu.

Tsopano yesani nokha. Aphunzitsi adule mbatata pakati, ndi kusemapo cilembo cimodzi cotembenuza, monga cionekera pa galasi. Civiikeni mu inki kapena m'madzi a makala, ndipo mudinde pa pepala kasanu osaviikanso. Pacikani pepalalo kutsogolo kwa kalasi, inu muimirire kumbuyo. Ndi cidindo citi cokongola koposa? Nanga ndi citi cimene caleka kuwerengeka? Kambiranani ndi aphunzitsi anu. Tsalani bwino.