Static code analysis mu continuous integration

Static code analysis ndi njira yofufuzira zolakwika mu code ya pulogalamu ya kompyuta pulogalamuyo isanayendetsedwe. Pulogalamu ina ndiyo imawerenga mizere yomwe munthu walemba n'kuloza malo okayikitsa, monga mzere womwe sungafikiridwe kapena mpata woti akuba angalowerepo. Chimodzi mwa zida zoyambirira ndi lint, chomwe Stephen C. Johnson analemba ku Bell Labs mu 1978 kuti chiziunika code ya C. Masiku ano pali ESLint, Pylint, SonarQube, CodeQL ndi zina.

Mmene zimagwirira ntchito

Mu continuous integration, mwachidule CI, olemba mapulogalamu amaphatikiza ntchito yawo pamalo amodzi pafupipafupi. Wina akatumiza zomwe wasintha, makina monga Jenkins, GitLab CI kapena GitHub Actions amamanga pulogalamuyo n'kuiyesa. Chida chofufuzira chimaikidwa ngati gawo limodzi la ntchitoyi. Chikapeza vuto lalikulu, zosinthazo zimakanidwa mpaka mwiniwake atakonza. Ubwino wake ndi woti palibe amene angaiwale kuunika, ndipo wolemba amamva za vuto adakali kukumbukira zomwe ankachita.

Chitsanzo chodziwika ndi vuto la "goto fail" lomwe Apple inakonza mu February 2014. Mzere umodzi unalembedwa kawiri mu code yotsimikizira kuti kulumikizana kwa pa intaneti ndi kotetezeka, zomwe zinachititsa kuti mizere yotsatira izingodumphidwa. Code yosafikirika yotereyi ndi mtundu wa vuto lomwe zidazi zimatha kuligwira.

Zovuta zake

Zidazi sizipeza zolakwika zonse, ndipo nthawi zina zimachenjeza pomwe palibe vuto. Izi si ulesi wa ozipanga: mfundo ya masamu yotchedwa Rice's theorem imasonyeza kuti palibe chida chomwe chingaweruze molondola khalidwe la pulogalamu ina iliyonse. Machenjezo abodza akachuluka, anthu amasiya kuwawerenga, ndiye enieni amatayikira momwemo.

Vutoli limakula chidacho chikaikidwa pa pulogalamu yakale, chifukwa tsiku loyamba chimatha kutulutsa machenjezo zikwizikwi. N'chifukwa chake magulu ambiri amayamba ndi malamulo ochepa, amaunika mizere yatsopano yokha, ndipo zakale amazikonza pang'onopang'ono. Amasamalanso nthawi: kufufuza kotenga maola ambiri kumachitika usiku, pomwe kofulumira kumachitika pa kusintha kulikonse.