Kodi salbutamol amachita chiyani akalowa m'mapapo?

Mng'ono wanga amadwala mphumu. Usiku wina mu June, kunja kukuzizira koopsa, anadzuka akubanika, m'chifuwa mukulira ngati mluzu. Amayi anamupatsa inhaler yake ya buluu, iye n'kupopera kawiri. Patangopita mphindi zochepa anayamba kupuma bwino. Koma kenako anandionetsa manja ake akunjenjemera. "Achimwene, kodi mankhwalawa sakundipweteka?" Ndinasowa chomuyankha, ndiye ndinakafufuza. Zomwe ndinapeza ndi izi.

Mpweya umalowa m'mapapo kudzera m'timachubu tomwe pa Biology timati bronchi ndi bronchioles. Timachubuti tazunguliridwa ndi minofu yomwe sitingailamule mwa kufuna kwathu. Munthu wa mphumu akakumana ndi fumbi, utsi, chimfine kapena mphepo yozizira, pamachitika zinthu zitatu: minofu ija imafinya kachubu, mkati mwake mumatupa, ndipo makhololo amachuluka. Njira ya mpweya imachepa, ndiye mluzu uja.

Mankhwala a mu inhaler ya buluu ndi salbutamol, ku America amati albuterol. Ntchito yake ndi kumasula minofu yofinyayo. Pa maselo a minofu imeneyi pali timaloko totchedwa beta-2 receptors. Kiyi wake wachibadwa ndi adrenaline, yemwe thupi limatulutsa ukachita mantha kapena ukamathamanga. Salbutamol anamupanga mofanana ndi kiyi ameneyu. Akalowa pa loko, selo imapanga cAMP wochuluka, ndipo cAMP ndi amene amachititsa kuti mnofu uleke kufinya. Kachubu kamatseguka. Izi zimayamba mkati mwa mphindi pafupifupi 5, ndipo mphamvu yake imakhala maola 4 mpaka 6. Kupopera kamodzi kumatulutsa mamaikulogalamu 100 okha.

Nanga bwanji osangopereka adrenaline? Vuto ndi loti mtima uli ndi maloko ena, beta-1, omwe amauthamangitsa. Mankhwala akale a mphumu otchedwa isoprenaline ankatsegula maloko onse awiri. M'zaka za m'ma 1960 imfa za achinyamata odwala mphumu zinakwera ku England ndi Wales, ndipo akatswiri ambiri analoza chala ma inhaler amphamvu a isoprenaline. Mu 1966 gulu lotsogozedwa ndi David Jack pa kampani ya Allen & Hanburys ku England linapanga salbutamol, yemwe amasankha kwambiri beta-2. Anayamba kugulitsidwa mu 1969 ndi dzina loti Ventolin, ndipo lero ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO.

Yankho la mng'ono wanga lili pomwepa. Maloko a beta-2 sali m'mapapo mokha ayi, aliponso m'minofu ya m'manja ndi m'miyendo. Gawo lina la mankhwala limalowa m'magazi n'kukafika kumeneko, ndiye manja amanjenjemera. Ena mtima umawagunda msanga kapena mutu kuwapweteka. Kawirikawiri zimatha zokha mankhwala akamachepa m'thupi.

Chomwe chinanditsegula maso ndi ichi: pa mavuto atatu aja, salbutamol amathana ndi limodzi lokha. Kutupa sakukhudza n'komwe. Munthu amatha kumva bwino pomwe mkati mukadali motupa. N'chifukwa chake adokotala amaperekanso inhaler yoteteza, monga beclometasone, yomwe nthawi zambiri imakhala yabulauni. Iyoyo amapopera tsiku ndi tsiku ngakhale akupeza bwino. Mnzanu akamafuna ya buluu kangapo pa sabata, kapena ikamamudzutsa mphumu usiku, muuzeni akaonane ndi achipatala.

Kapoperedwe nakonso n'kofunika. Ambiri mankhwala amangothera pakhosi. Spacer, kachipangizo kokhala pakati pa inhaler ndi pakamwa, kamathandiza kuti afike m'mapapo. Mu 1999 Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500 lobooledwa bwino limagwira ntchito ngati spacer yogula. Funsani anamwino akuonetseni kapangidwe kake.

Pomaliza, wina akabanika mkalasi kapena ku hostel, mukhazikeni tsonga, musamugoneke, ndipo mupatseni inhaler yake. Akalephera kumaliza chiganizo, milomo ikasintha mtundu, kapena akapopera koma osasintha, itanani aphunzitsi athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mng'ono wanga masiku ano manja akanjenjemera amangoseka. Yomwe timakanganirana ndi yabulauni ija, poti akangopeza bwino amaiwala.