Galimoto ikamanjenjemera chiimire: sayansi ya pagalaja

M'mawa wa chiperoni pa Chitakale, phiri la Mulanje litabisala m'nkhungu, mwina munaonapo Corolla yakale ikudikira anthu opita ku Muloza. Injini ikulira mokhosomola, chiwongolero chikunjenjemera, dalaivala akungoponda moto kuopa kuti izima. Ikanyamuka, pachitunda imachita kukwawa, petulo n'kumatha ngati thanki yabooka. Kwa dalaivalayo, imeneyo ndi ndalama ya ufa ndi fizi ya ana ikutuluka ndi utsi. Kodi chalakwika n'chiyani?

Moto umafuna zinthu zitatu

Kumbukirani za ku Chemistry: kuti moto uyake pamafunika choyaka, oxygen ndi kutentha. M'silinda iliyonse pisitoni imakoka mpweya ndi petulo, kuzipanikiza, pulagi n'kuthetheka, ndipo kuyakako kumakankha pisitoni pansi. Kuti petulo apse yense, galamu imodzi imafuna magalamu 14.7 a mpweya.

Tiwerengere limodzi. Galimoto ikaima, injini imazungulira pafupifupi ka 800 pa mphindi. Silinda iliyonse imayaka kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndiye ka 400. Masilinda anayi ndi ka 1,600 pa mphindi. Imodzi ikamaphonya, kuyaka kumodzi pa kanayi kalikonse kwasowa. Zili ngati anthu anayi akusinja mumtondo umodzi, wina n'kumadumphitsa: kamvekedwe kamasokonekera. Kunjenjemera kuja n'kumeneko.

Oganiziridwa anayi

*Mphaliwali yofooka.* Pulagi imafuna mavoti oposa 10,000 kuti ithetheke. Mawaya a mapulagi akakalamba amang'aluka, ndipo chinyezi cha chiperoni chimapatsa magetsi njira yachidule yothawira kuchitsulo cha injini. Ndiye chifukwa chake galimoto ina imavuta m'mawa wa nkhungu koma masana n'kumayenda bwinobwino.

*Mpweya woperewera kapena wobera.* Fumbi la m'misewu ya m'minda ya tiyi limatseka sefa ya mpweya, injini n'kumabanika. Mu galimoto za kabuleta petulo amachuluka, sapsa yense, ndipo kumatuluka utsi wakuda. Kapaipi ka labala kakang'aluka, mpweya wosayezedwa umalowa, petulo n'kuchepa mphamvu. Mukatchera khutu mumamva kuti tsiii.

*Mafuta akuda.* Petulo wa m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala zomwe zimatseka sefa ya mafuta.

*Kupanikiza kochepa.* Maring'i a pisitoni kapena mavavu akaperepeseka, mpweya umathawa usanapanikizidwe. Ili ndiye vuto lodula kukonza.

Makaniko wabwino ndi wasayansi

Kungolota n'kumagula zipangizo kumatha ndalama. Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso: imavuta ikazizira kapena ikatentha? Mafuta munathira kuti? Kenako amazimitsa injini, kumasula mapulagi n'kuwawerenga ngati kalata. Nsonga yotuwirako mofiirira, zili bwino. Mwaye wakuda wouma, petulo wachuluka. Yoyera mbuu, petulo wachepa. Yonyowa ndi oyilo, akayikire maring'i, ndipo ayeze mphamvu ya kupanikiza ndi geji.

Akakayikira pulagi ya silinda yachiwiri, amaisinthanitsa ndi ya yachitatu. Vuto likasamuka nayo, wolakwa wapezeka. Likatsala pomwepo, pulagiyo ilibe mlandu. Amasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndendende momwe mumachitira pa practical ya MSCE, ndipo amayambira zotchipa kupita ku zodula.

Chenjezo

Musagwire mawaya a mapulagi injini ikulira. Musalize injini m'galaja yotseka, chifukwa carbon monoxide alibe fungo kapena mtundu, koma amapha.

Tsiku lina mukadzakwera galimoto yonjenjemera, dzifunseni mumtima: mphaliwali, mpweya, mafuta kapena kupanikiza? Mukatsika, funsani dalaivala ngati imavuta kwambiri kukagwa chiperoni. Akavomera, inu mukudziwa kale poyambira.